NDEGE SIDZUKA YOKHA

Nkhani ya pa wailesi kwa alimi ndi anyakwawa a ku Malosa ndi m'chigwa cha Domasi

 Madzulo ano sitikamba za mizere kapena za nkhokwe ai. Tikamba za ndege. Koma musafulumire kutseka wailesi, chifukwa nkhaniyi isanathe mudzaona kuti yabwerera kwanu konko, pa chigayo chanu ndi pa mgolo wanu wa mafuta.

Ndege ikamadutsa pamwamba pa phiri la Malosa, ana amataya makasu nayamba kuloza kumwamba, ndipo akulu amatama woyendetsayo kuti ndi munthu wanzeru. Kumtama n'koyenera ndithu. Koma dziwani kuti chinthu chachikulu chimenecho sichinadzuke chokha m'mawa. Alipo anthu amene anachimwetsa mafuta, nachiyang'ana miyendo ndi mapiko, nachipatsa mphamvu yolizira injini zake. Anthu amenewa sauluka, ndipo maina ao samveka, koma akagona pa nchito yao, onse amene akwera m'mwambamo ali pa ngozi. Za iwowa ndi za makina ao ndizo tifuna kukufotokozerani, makamaka monga zinalili pa ndege zakale zimene zinkatera ku Chileka.

NDEGE ZIMENE ZINKATERA KUNO

Poyamba tizidziwe ndegezo. M'chaka cha 1946 maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anayambitsa kampani ya ndege, dzina lake Central African Airways. Kampaniyi inali ndi tindege ta injini imodzi, ma Beaver, timene tinkatera pa mabwalo ang'onoang'ono monga ku Mzuzu ndi ku Karonga. Inalinso ndi ma Dakota, a injini ziwiri, onyamula anthu oposa 20. Mu 1956 inagula ma Viscount, a injini zinai, amene kulira kwao kunkapyoza m'makutu. M'chaka cha ufulu, 1964, kunabadwa Air Malawi, imene inayamba ndi ma Dakota ndi ma Beaver, niima payokha mu 1967. Mu 1972 inagula ndege ya jeti, BAC One-Eleven, ndipo mu 1974 inagula ina yaikulu koposa, VC10, imene inkanyamula anthu kunka ku London kufikira 1979.

Air Malawi inatha mu 2013, ndipo ndege zonse tatchulazi zinaleka kale kunyamula anthu kuno. Koma mwambo wa nchito umene unaphunziridwa pa izo ukadalipo pa bwalo liri lonse.

VUTO LA KULIZA INJINI

Inu amene mumagaitsa chimanga pa chigayo cha dizilo mudziwa kuti injini sidziyamba yokha. Mwini chigayo amalowetsa handulo, napukusa ndi mphamvu zake zonse kufikira gudumu lalikulu lija litathamanga, ndipo pamenepo injini imagwira nilira. Lole ikakhala kuti batire lake latha, amuna asanu amaikankhira pa mtsetse. Injini iri yonse ifuna kuzungulitsidwa ndi chinthu china isanayambe kudzizungulitsa yokha.

Tsono taganizani za injini ya Dakota. Imodzi yokha iri ndi masilinda 14 ndi mphamvu ya akavalo 1,200. Ndani angaipukuse ndi handulo ya chigayo? Nanga ndani angakankhire ndege pa mtsetse? Batire iri nalo, inde, koma ndi laling'ono, pakuti cholemera chiri chonse chimene ndege inyamula chimalanda malo a munthu kapena a katundu. Komanso batirelo liyenera kusungidwa lodzaza kuti likathandize m'mwamba pakagwa vuto. Chotero opanga ndege anati: zolemera zonse zolizira injini zitsale pansi, pa bwalo.

NGOLO YA MABATIRE NDI MWAMBO WA DAKOTA

Dakota ikafuna kunyamuka, anchito ankakoka kangolo kodzaza ndi mabatire akuluakulu, nalumikiza chingwe chake chonenepa pa mimba ya ndegeyo. Pa mabwalo akuluakulu panali ngolo yokhala ndi injini yakeyake yopanga magetsi, imene pa Chingerezi amati ground power unit.

Koma sankangofikira kuliza ai. Masilinda a injini ya Dakota anaikidwa mozungulira monga masipoko a njinga, ena pamwamba, ena pansi. Ndege ikagona usiku wonse, oilo amatsikira m'masilinda a pansiwo. Oilo sapanikizika monga mpweya. Mukailiza injini oiloyo ali momwemo, zitsulo za m'kati zimapindika kapena kuthyoka, ndipo choopsa nchakuti chitsulo chopindika chingathe kupirira lero nichidzathyoka mawa ndege iri m'mwamba. Motero ankayamba azungulitsa pulopela pang'onopang'ono, moto uli chizimire, kumvetsera ngati ikukakamira pena pake. Pulopela ndicho chitsulo cha nkhafi zitatu chimene chimazungulira patsogolo pa injini ndi kupalasa mpweya, monga msodzi wa ku Chilwa apalasa madzi.

Zitatha izi, munthu mmodzi ankaima patsogolo, poonekera kwa woyendetsa, ndipo wina ankaima pambali atagwira chozimira moto, chifukwa petulo akachuruka amatha kuyaka pakamwa pa injini. Woyendetsa akweza chala. Wapansi ayang'ana ngati palibe munthu pafupi ndi pulopela, navomera ndi dzanja. Injini itsokomola, ilavula utsi, nigwira. Inzake chimodzimodzi. Pamenepo achotsa chingwe, akokera ngolo kutali, ndipo potsiriza penipeni achotsa zipika zimene zatsekereza mawilo. Dongosolo limeneli silinkasinthidwa ngakhale ndege itachedwa chotani.

VISCOUNT NDI DZUWA LA KU CHILEKA

Injini za Viscount, zopangidwa ndi Rolls-Royce, dzina lake Dart, zinalibe masilinda. M'kati mwa injini yotere muli magudumu a timipeni tambirimbiri amene amameza mpweya naupanikiza. Mpweyawo usakanizidwa ndi palafini, uyaka kosalekeza, ndipo mphepo ya moto imeneyo izungulitsa magudumu ena amene atembenuza pulopela. Poiliza, iyenera kuthamangitsidwa msanga. Magetsi akachepa, magudumu ayenda mwaulesi, mpweya uchepa, moto uposa muyeso, ndipo injini ya ndarama zankhaninkhani ipserera m'kati m'kamphindi kochepa. Ndicho chifukwa chake ngolo ya magetsi, yopereka mavolti 28, inali bwenzi lalikulu la Viscount.

Panalinso nchito ina yodabwitsa: kuimwetsa madzi. Bwalo la ku Chileka liri pamtunda wa mapazi oposa 2,500 pamwamba pa nyanja ya mchere, ndiponso ndi kotentha. M'mwezi wa October mpweya umapepuka, ndipo injini yomeza mpweya wopepuka imachepa mphamvu, pa nthawi yomwe ndege ifuna mphamvu zake zonse kuti ichoke pansi. Tsono anchito ankathira m'thanki yapadera madzi osungunula bwino, opanda mchere kapena dothi, osakaniza ndi mankhwala ena, dzina lake methanol. Ponyamuka, madziwo ankawazidwa m'injini, mpweya nuzizira, nulemera, mphamvu nibwerera. Methanol amaoneka ngati kachasu, koma ndi poizoni: womwa amachita khungu kapena kufa kumene.

Kunena za okwera, Viscount inkapatsa anthu mpweya wabwino injini zikamalira. Ikaima pa dzuwa injini ziri zii, m'kati munkatentha ngati m'chigafa cha fodya wa moto, pokhapokha bwalo likhale ndi ngolo inanso youzira mpweya wozizira.

JETI IFUNA MPHEPO

Itafika VC10, vuto linakula. Inali ndi injini zinai zazikulu za Rolls-Royce Conway, zonse kumchira. Injini zotere sizilizidwa ndi batire, zifuna mphepo. Pankabwera ngolo yopopa mpweya, ya paipi yonenepa ngati nsungwi yaikulu, niuzira mpweya wamphamvu m'kagudumu kamene kamazungulitsa injini. Injini imodzi ikalira, imatha kugawira zinzake mpweya wake kuti nazonso zilire.

Magetsi ake nawonso sanali wamba. Magetsi a m'nyumba ndi a mavolti 230, ndipo amatembenuka ka 50 pa sekondi imodzi. A ndege ya jeti ndi a mavolti 115, otembenuka ka 400 pa sekondi, chifukwa makina a magetsi otere amakhala aang'ono ndi opepuka. Chotero simungangotenga waya wa m'nyumba ndi kulumikiza pa ndege; pafunika ngolo yakeyake.

Mwaonatu tsono kuti ndege yaikulu inali ngati mfumu ya paulendo imene singanyamuke popanda onyamula katundu. Kulikonse kumene itera, ngolo ya magetsi, ngolo ya mpweya ndi makwerero ziyenera kukhala zikudikira. Ngolo imodzi ikafa, ndege ya anthu oposa 100 ikhala pansi ngakhale injini zake ziri zabwinobwino. Kwa dziko la mabwalo ochepa ndi ndarama zochepa monga lathu, chimenechi chinali chingwe cha pamwendo.

KAINJINI KA KUMCHIRA

Mankhwala a vutoli mumawadziwa kale, inu nomwe. Chitsa cha mtondo simuchiyatsa ndi machesi. Machesi ayatsa udzu, udzu uyatsa tinkhuni, tinkhuni tiyatsa chitsa. Achikulire amene anagwirako nchito ya misewu akumbukira mathirakitala akale a Caterpillar, amene anali ndi kainjini ka petulo pambali. Ankayamba aliza kameneko, ndipo iko kankaliza injini yaikulu ya dizilo.

Opanga ndege anachita chimodzimodzi. Anaika m'ndege momwemo kainjini kothandiza, kamene pa Chingerezi amati auxiliary power unit, mwachidule APU. Ndege zina za nkhondo zinali nako kale, ka petulo. Koma pa ndege za jeti zonyamula anthu kanayamba kufala mu 1963, chaka chimene zinauluka koyamba Boeing 727 ya ku America ndi BAC One-Eleven ya ku Britain. Pa Boeing 727 anakaika pamimba, pafupi ndi mawilo. Pa One-Eleven anakaika kumchira, ndipo kumchira ndiko kamakhala pa ndege zambiri kufikira lero.

Kainjini kameneka ndi kajeti kakang'ono, koma sikakankha ndege ai. Kamamwa palafini wa m'mathanki a ndege yomweyo, ndipo popeza nkakang'ono, batire la ndege likwanira kukaliza. Kakalira kamagwira nchito zitatu. Yoyamba, kamapanga magetsi a nyale, a wailesi ndi a zipangizo za woyendetsa. Yachiwiri, kamauzira mpweya woziziritsa m'kati, kuti okwera asavutike ndi thukuta ndege iri pansi. Yachitatu, kamapereka mphepo yolizira injini zazikulu. Batire ndilo machesi, kainjini ndiko tinkhuni, injini yaikulu ndiyo chitsa.

One-Eleven ya Air Malawi, ya injini ziwiri za Rolls-Royce Spey, inali nako kainjini kameneka. Inalinso ndi makwerero akeake opindika, ndi matayala otakata oyenera mabwalo osasalala. Inkatha kutera pa bwalo lopanda ngolo, kutsitsa anthu, kukweza ena, ndi kudzidzutsa yokha. Koma VC10, ngakhale inali yaikulu ndi yaulemerero, inalibe, ndipo inkadalira anthu a pansi kulikonse. Kukula si kudziimira pawekha.

Musaganize kuti kainjiniko nkaulere. Kamamwa mafuta, kamasokosera, ndipo mpweya wotuluka kumbuyo kwake umawotcha. Nchifukwa chake mabwalo ambiri akuluakulu masiku ano amalamula kuti ndege ikaima izimitse kainjini kake ndi kulumikiza magetsi a pansi. Ndiponso tsiku limene kainjiniko kafa, ndege ibwerera kudalira ngolo monga kale. Koma ubwino wake unaoneka poyera pa 15 January 2009 mu mzinda wa New York. Ndege ina itangonyamuka inawomba gulu la atsekwe, injini zonse ziwiri nizifa. Woyendetsa, Chesley Sullenberger, analiza kainjini ka kumchira nthawi yomweyo, magetsi sanathe, ndipo anaitereza ndegeyo pa mtsinje wa Hudson. Anthu onse 155 anapulumuka.

KUMWETSA MAFUTA

Ngakhale ndege itakhala ndi kainjini kake, mafuta sidzimwetsa yokha. Dakota ikadzaza inkatenga malita pafupifupi 3,000, ndiyo migolo 15 ya magaloni 44, ndipo inkamwa pafupifupi migolo iwiri pa ora limodzi. Pa nchito imeneyi adani ndi atatu.

Mdani woyamba ndi madzi. Thanki yosadzaza imachita mame m'kati usiku kukazizira, ndipo mgolo woimika pa mvula umayamwa madzi pa chitsekero. Madzi ndi olemera kuposa mafuta, choncho amatsikira pansi, pamene paipi ya injini imayamwira. Tsiku liri lonse makaniko ankakhetsa mafuta pang'ono pansi pa thanki, nawalandira m'botolo loonekera, nayang'ana pa dzuwa ngati pansi pake pali timadontho ta madzi. Pa mabwalo a kumidzi, kumene petulo ankachokera m'migolo, ankamusefa pa fanelo yoyala chikopa chofewa, chimene chimalola petulo kudutsa koma madzi nkutsala. Migolo ankaigoneka cham'mbali kuti mvula isadikhe pamwamba pake.

Mdani wachiwiri ndi kusokoneza mafuta. Dakota ndi Beaver zimamwa petulo. Viscount ndi ma jeti zimamwa palafini. Mukathira palafini mu Dakota, injini ingathe kulira bwino pansi, nkudzafa ndege itangonyamuka. Nchifukwa chake petulo wa ndege amamuthira utoto, wobiriwira, wofiira kapena wabuluu monga mwa mphamvu yake, pamene palafini amakhala woyera. Petulo ameneyu alinso ndi mtovu, umene uli poizoni m'thupi la munthu.

Mdani wachitatu ndi moto wosaoneka. Mukavula malaya a nailoni mumdima mumaona timoto tikuthetheka. Mafuta akamathamanga m'paipi amabala magetsi otere, ndipo kamoto kamodzi kakwanira kuyatsa nthunzi ya petulo. Chotero asanatsegule thanki ankayamba alumikiza waya kuchokera pa galimoto ya mafuta kufika pa ndege, kuti magetsiwo adutse mwakachetechete. Fodya ndi machesi zinali zoletsedwa kutalitali.

NCHITO ZINA ZAZING'ONO ZIMENE ZIRI ZAZIKULU

Ndege iri ndi timapaipi tating'ono toyesera liwiro lake. Mavu omanga ndi dothi amakonda timabowo totere, ndipo akatseka kamodzi, woyendetsa adzawerenga liwiro labodza. Tsono ndege ikaima, timapaipito timavekedwa zivundikiro za nsanza yofiira yolendewera, kuti asaiwale kuzichotsa. Pa Dakota ankapanikizanso zipsepse za kumchira ndi matabwa kuti mphepo isazimenyetse usiku, ndipo nawonso ankayenera kuchotsedwa onse ndi kuwerengedwa ndege isananyamuke.

Katundu ankayesedwa pa sikelo ndi kuikidwa pamalo pake. Mwini ngolo ya ng'ombe adziwa kuti matumba akachuruka kumbuyo goli limanyamuka, akachuruka kutsogolo ng'ombe zimagwada. Ndege ndi chimodzimodzi, koma iyo ikapendekeka palibe poimikira. Ena ankathira madzi akumwa, ena ankakhuthula chimbudzi, ena ankayang'ana matayala. Potsiriza makaniko wamkulu ankalemba dzina lake m'buku, kuvomereza kuti ndegeyo iri bwino. Dzina limenelo ndilo linali chikole cha miyoyo ya okwera.

Nanga ndege ikasiyidwa? VC10 ija italeka ulendo wa ku London inakhala zaka zambiri pa Chileka osauluka, kufikira inaphwasulidwa m'zaka za m'ma 1990. Akulu anati chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika. Makina osasamalidwa amafa ali chiimire.

PEMPHO LATHU KWA INU

Tabwerera kwanu monga tinalonjeza. M'midzi yathu muli zigayo, njinga zamoto, mapampu othirira mbeu ndi majenereta. Adani a ndege ndiwonso adani a makina amenewa. Tikupemphani, anyakwawa, kuti pa bwalo lanu muuze anthu zinthu izi:

1. Mgolo wa dizilo ugonekeni pamthunzi, wotseka bwino. Musanathire m'injini, landirani pang'ono m'botolo ndi kuyang'ana ngati muli madzi.

2. Chigubu cha petulo chisafanane ndi cha palafini. Chilembeni, ndipo musachisunge m'nyumba yogona kapena pafupi ndi moto. Petulo wothiridwa m'nyale amaphulika ndi kutentha nyumba ndi ana omwe.

3. Musathire mafuta injini ikulira, ndipo wosuta fodya aime kutali.

4. Musanalize injini, onani oilo ndi madzi, ndipo yang'anani ngati palibe mwana pafupi ndi lamba wa chigayo. Khalani ndi dongosolo limodzi, ndipo musalisinthe chifukwa pamzere pali anthu ambiri.

5. Inu amene muli ndi abale okhala pafupi ndi bwalo la ndege, kaya ku Zomba kaya ku Chileka, auzeni kuti asadyetse ng'ombe ndi mbuzi m'bwalomo, asadule waya wa mpanda, asatenthe tchire pafupi, ndipo asataye zinyalala zoitana akhwangwala ndi akabawi. Mwamva zimene atsekwe anachita ku New York.

Ndipo inu makolo, mwana wanu akanena kuti afuna nchito ya ndege, musangoganiza za mpando wa woyendetsa. Wogwira sipanala, woyesa mafuta, wokoka ngolo ya magetsi, onsewa ndiwo amaidzutsa ndege. Mwana amene waphunzira kusamala injini ya chigayo cha atate ake wayamba kale sukulu imeneyo.

Tsono mawa ndege ikadutsa pamwamba pa Malosa, ana akamaloza kumwamba, muwauze kuti ulendo umenewo unayambira pansi, m'manja mwa anthu odetsedwa ndi oilo.